Khadi la Wosewera Woseka

Za masewera a besibo ine sindinkadziwa chilichonse, ndipo mpaka lero malamulo ake amandizunguza mutu. Ndakhala ku Bowie, kuno ku Amereka, zaka zambiri ndithu. Bwalo la timu yaing'ono ya m'tauni mwathu lili pafupi moti nyengo yotentha timamva makombola masewera akatha, koma sindinalowemo n'kamodzi komwe. Komabe pali chaka china chimene Loweruka lililonse lopanda ntchito ndinkalithera m'maholo ogulitsiramo makhadi a besibo, nditawerama pa mabokosi, galasi lokuzira zilembo lili m'manja.

Amene anandilowetsa m'zimenezi ndi mayi wina wa ku Zambia amene timapemphera naye tchalitchi chimodzi. Ndi wamkulu kwa ine, choncho ndimawaitana kuti asisi. Kwawo ndi ku Chipata koma anakulira ku Lusaka, ndipo Chinyanja chawo ndi cha ku Lusaka komweko. Ndi anamwino pachipatala china ku Falls Church, ndipo amakhala okha m'fulati kufupi ndi Seven Corners. Ana awo anakula n'kusamukira kutali. Galimoto sayendetsa. Kuntchito amakwera basi, kutchalitchi amatengedwa ndi anthu. Ndi munthu wosakonda kupempha, n'chifukwa chake ndinadabwa tsiku lina titaweruka ku mapemphero atandikokera pambali, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Imwe, pa Saturday muli na nchito?"

"Ayi asisi, ndili pakhomo."

"Nifuna munipelekeko penapake. Si kutali na kwanu. Koma musaniseke."

Ine ndinkaganiza kuti tikupita kogula zovala zotsika mtengo. Tinakafika pa holo ina ya anthu ozimitsa moto, magalimoto ali tho panja. Titalowa ndinangoti kakasi. Munali matebulo m'mizeremizere, pa tebulo lililonse pali mabokosi aataliatali odzaza makhadi, ena atawaika m'timagalasi ngati mphete zaukwati. Pafupifupi onse anali azibambo, ena ndi ana awo, aliyense ali chiweramire. Ife tinali amayi awiri achikuda ovala ngati tikupita ku msonkhano wa amayi, asisi atakolekera chikwama chawo chachikulu pamkono.

Iwo sanachite manyazi. Anayamba tebulo loyamba, n'kutchula dzina la wosewera wina, chaka chimene khadilo linatuluka, ndi nambala yake. Wogulitsayo anafufuza m'bokosi n'kutulutsa khadi. Asisi anangoliyang'ana kamodzi n'kupukusa mutu. Tebulo lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatunso. Khadi limene ankawapatsa linali lomwelomwelo: mnyamata wovala chisoti, nkhope yatembenukira kumbali, akuzunguza ndodo yomenyera mpira. Tinazungulira holo yonse, n'kutuluka chimanjamanja.

M'galimoto ndinalephera kupirira. "Asisi, kodi munthu ameneyu ndi ndani wanu?"

Anaika chikwama chawo pamiyendo, akuyang'ana kutsogolo. Kenako anandifotokozera.

Kuntchito kwawo kuli mnyamata wina wojambula mafupa amene amakonda makhadiwa, ndipo nthawi ya nkhomaliro amatsegula mapaketi ake patebulo anzake akudya. Tsiku lina anakuwa ndi chimwemwe, n'kuyamba kuonetsa aliyense khadi limene anapeza. Litafika m'manja mwa asisi, anasiya kudya. Pakhadipo panali wosewera wachikuda atavula chipewa, anzake akumuthira madzi kumutu, iye akuseka atakweza chibwano, diso limodzi litatsinzina, mpata uli pakati pa mano akutsogolo.

"Anali mufana wanga," anatero asisi. "Yeve weniweni."

Mlongo wawo wamng'ono anamwalira pangozi ya minibasi ku Lusaka iwo atangofika kumene kuno. Mapepala awo anali asanalongosoke, moti akanapita kumaliro sakanabwereranso. Analira okha m'chipinda chimene ankachita lendi nthawi imeneyo, m'mawa mwake n'kupita kuntchito. Kuchokera pamenepo anasiya kuphunzira galimoto. Zithunzi za malemuyo zinali mu alubamu imene inanyowa denga litadontha kwa mayi awo, zinamatirirana n'kuwonongeka. Chimene chinatsala ndi kachithunzi ka pachitupa, kamene munthu amajambulitsa atauma nkhope ngati wamangidwa.

Tsiku limenelo asisi anangobweza khadilo. Anatenga masabata angapo akulimbana ndi mtima, ndipo pamene anakalimba mtima kufunsa, mnyamatayo anali atagulitsa kale. Ndi iye amene anawauza kuti khadilo silinali wamba. Anati osindikiza amatulutsa khadi la wosewera aliyense mochuluka zedi ndi chithunzi chimodzi, koma mwa apo ndi apo amabisamo ochepa okhala ndi chithunzi china. Dzina ndi lomwelo, nambala ndi yomweyo, zolembedwa kumbuyo ndi zomwezo, chithunzi chokha ndicho chosiyana. Munthu atha kutsegula mapaketi ambirimbiri osakumana nalo. Asisi anayesa. Kwa miyezi ingapo ankagula mapaketi potsika basi, n'kumatsegula kunyumba. Nthawi zonse ankapeza wa chisoti uja.

Ndisaname, pobwerera kunyumba tsiku limenelo ndinkaona ngati chisoni chawasokoneza mutu. Nditawafotokozera amuna anga, iwo anafunsa funso limene nanenso ndinali nalo.

"Bwanji osangotenga chithunzicho pa intaneti n'kukasindikiza chachikulu bwino?"

Nditakawafunsa asisi, anatulutsa foni n'kundionetsa. Chithunzicho anali nacho, chotuwa ndithu, chimene wina anajambula khadilo lili patebulo.

"Nili nacho pa foni," anatero. "Koma nifuna kupeleka kuli amama. Amama za pa foni sazikhulupilila, amakamba ati vonse va mu foni ni vopanga. Nifuna chinthu chamene bangagwile na manja, chochokela kwamene chinachokela."

Mayi awo anali okalamba, ndipo chimwalirire mwana wawoyo sankamutchula dzina. Wina akayamba nkhani yake, iwo ankanyamuka n'kupita panja. Asisi ankaganiza kuti akadzaona nkhope imeneyi ikuseka, mwina chinachake chidzamasuka.

Ndinasiya kufunsa. Loweruka lotsatira ndinakawatenganso.

M'maholo amenewa ogulitsa amakhala omwewomwewo, amangosamuka ndi katundu wawo. Pasanapite nthawi anatizolowera. Amene anatithandiza kwambiri ndi bambo wina wachikulire, wachikuda wa konkuno, amene anapuma pantchito yoyendetsa mabasi. Tebulo lake linkakhala pafupi ndi khomo chifukwa mawondo ankamuvuta. Atationa kachitatu anatiitana n'kutikhazika pa mipando yopinda.

"Amayi inu mukuvutika chabe," anatero m'Chingerezi chake chokoka. "Mukungoyang'ana kutsogolo. Tembenuzani."

Anatenga khadi n'kulitembenuza. Pansi penipeni, kumbuyo, pali timalemba ting'onoting'ono ta osindikiza, timene munthu sangativutikire kuwerenga. Kumapeto kwa timalembato kuli manambala. Makhadi onse wamba a chaka chimodzi amathera ndi manambala ofanana. A chithunzi china amathera ndi ena. Anatiuza kuti ogulitsa ambiri amagula mabokosi athunthu kwa anthu amene akusamuka kapena amene aferedwa, ndipo alibe nthawi yotembenuza khadi lililonse, choncho osowawo nthawi zina amagona pakati pa wamba osadziwika. Anandibwereka galasi lake lokuzira, ndipo ataona kuti ndikuwerenga mofulumira anafunsa ntchito yanga. Ndinamuuza kuti ndimagwira mu labu ku Bethesda, tsiku lonse maso ali pa maikulosikopu. Anaseka n'kunena kuti ndiye ndabadwira zimenezi.

Tinagawana ntchito. Asisi ankayang'ana nkhope, ine manambala. Mosazindikira ndinayamba kuzikonda. Zithunzi zobisikazi zinali zosangalatsa kuposa zawamba. Pa khadi wamba munthu amakhala ali pantchito, akuponya kapena akumenya mpira, mano ataluma. Pa linalo umamupeza akufufumitsa chingamu, akuyasamula pa benchi, atanyamula mwana wake paphewa, kapena akuthawa mvula atafunda thaulo. Ndinafika pomazindikira ndisanatembenuze n'komwe: ndikaona wosewera ali ngati munthu wamba, ndinkadziwiratu, ndipo ndikatembenuza manambala ankavomereza.

Tsiku lina ku holo ya hotela ina ku Virginia ndinakoka khadi m'bokosi, n'kuona dzina lija, nambala ija, koma chisoti palibe. Ndinatembenuza. Manambala anali osiyana.

"Asisi! Bwerani!"

Anabwera chothamanga, chikwama chikugunda matebulo a eni ake. Anatenga khadilo, n'kuliyang'ana, nkhope yawo n'kugwa. Anali wosewera yemweyo, koma atavala kapusi, atawerama, akusaina mpira wa mwana wina pampanda. Nkhope inkaoneka theka, pakamwa pali potseka.

"Si iyi," anatero motsitsa mawu.

Bambo wa mabasi uja ndi amene anatimasulira. Anati osewera ena amakhala ndi zithunzi zitatu: chawamba, chosowa, ndi chosowetsetsa. Chimene tinapezacho chinali chapakati. Choseka chija chinali chachitatu, ndipo manambala ake akumbuyo ndi enanso. Iye mwini, pa zaka zonse zimene wakhala akugulitsa, za mtundu umenewo anagwirapo zowerengeka. Chovuta china chinali chakuti wosewerayo sanatchuke. Anangosewera nyengo zochepa n'kuzimiririka, choncho ngakhale amene ali nalo khadilo sakhala ndi chifukwa cholitsatsira.

Asisi anagulabe la kapusilo.

Kenako anachita chinthu osandiuza. Anaona wina akutsatsa khadi loseka lija pa intaneti, n'kuitanitsa. Litafika anandiimbira foni mawu ali m'mwamba, ndipo nditaweruka ndinadutsira konko. Anali atalikhazika pa tebulo, litatsamira botolo la maluwa. Nditangoligwira ndinadziwa kuti pali vuto. Linali lopyapyala, lonyezimira mopitirira. Pa galasi, zilembo zakuda zimene pa khadi lenileni zimakhala zosalala zinali timadonthomadontho ngati zotuluka mu makina a mu ofesi. Ndinakhala nalo m'manja nthawi yaitali ndikuganiza zongokhala chete. Nkhope inali yomweyo, kuseka kunali komweko. Mayi wokalamba wa ku Chipata akanadziwa bwanji?

Koma asisi anali akundiyang'ana. "Kambani chabe," anatero.

Ndinawauza. Anatenga khadilo n'kuliika m'dirowa ya masipuni, n'kufunsa ngati ndimwe tiyi.

Nyengo yozizira inadutsa tikuyendabe, ngakhale si Loweruka lililonse. Nthawi zina ndinkatopa nazo. Kuchoka ku Bowie kukatenga munthu ku Seven Corners, kupita naye kwina, kukamutula, n'kubwerera, ndi ulendo wotha tsiku. Amuna anga ankanditcha dalaivala wa timu. Koma m'galimoto muja ndinawadziwa asisi kuposa zaka zonse zimene tinakhala pa benchi imodzi kutchalitchi. Anandiuza za ukwati wawo umene unatha, za odwala amene amawatukwana chifukwa cha kalankhulidwe, za mmene mlongo wawo uja ankawaperekezera kokwerera basi atawanyamulira chikwama pamutu ngati mtsikana kuti anthu aseke. Inenso ndinawauza zanga zimene sindiuza anthu akutchalitchi.

Mitengo itayamba kuphuka, bambo wa mabasi anatiimbira. Anati wamva za mphunzitsi wina wa masamu wa ku Bethesda amene ali nalo khadilo. Anatichenjeza kuti munthuyo ndi wabwino koma sagulitsa, amangosinthanitsa.

Tinapangana kukumana pa malo ena omwera khofi pafupi ndi siteshoni ya sitima, ine nditaweruka. Asisi anabwera pa sitima atavala yunifolomu. Mphunzitsiyo anali mzungu wamtali, wadazi, wolankhula mwachindunji. Anatsegula chikwama n'kutulutsa kakhadi kali m'pulasitiki yolimba, n'kukaika patebulo pakati pa makapu.

Aka kanali koyamba kuti ine ndilione lenileni. Madzi amene ankamuthira aja ankaoneka dontho lililonse. Mnyamatayo ankaseka ndi thupi lonse, moti nawenso umafuna kuseka. Ndinapempha kutembenuza, ndipo manambala anali aja anatiuza bambo wa mabasi. Asisi analitenga ndi manja awiri. Sanalire. Anangoliyang'ana, khofi wawo n'kuzizira.

Nditafunsa za kugula, mphunzitsiyo anapukusa mutu. Anati iye amasonkhanitsa zithunzi zosowa za timu ya mumzinda muno yokha, ndipo za chaka chimenecho watsala ndi chimodzi: cha wosewera wowakha mipira kumbuyo, atagwada, akupsompsona galu amene analowa m'bwalo. Khadi losekali analisunga kuti tsiku lina lidzamubweretsere la galulo. Tikamupezera, atipatsa pomwepo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimufotokozere za malemu uja. Ndinali wotsimikiza kuti akamva asintha maganizo. Asisi ananditsina pantchafu pansi pa tebulo.

"Musakambe," anatero m'chinenero chathu, maso ali pakhadi. "Sinifuna anipase cifukwa ca cifundo."

Mphunzitsiyo sanamve mawuwo, koma ndikhulupirira kuti anaona kanthu, chifukwa sanafulumire kulitenga. Anadikira mpaka asisi atalibweza okha. Ponyamuka anati salipereka kwa wina aliyense mpaka nyengo ya masewera itatha.

Tsopano tinayamba kusaka galu. Zinali zoseketsa ndithu, amayi awiri akuluakulu kumafunsa tebulo ndi tebulo za munthu wopsompsona galu. Koma nalonso linali la mtundu wosowetsetsa uja, ndipo popeza wosewerayo anali wa konkuno, aliyense amene anali nalo ankaliumirira.

Amene anatitsegula maso ndi bambo wa mabasi yemwe uja. Anafunsa asisi kuti makhadi onse amene ankagula aja anapita kuti. Anayankha kuti ali kunyumba m'mabokosi a nsapato. Anafunsanso ngati anawatembenuzapo. Asisi anati ayi, iwo ankangofuna nkhope imodzi, ena onse ankangoponya m'bokosi. Bamboyo anagwira kumutu.

Lamlungu lotsatira titaweruka tinapita ku fulati kwawo. Anatulutsa mabokosi pansi pa bedi, ena pamwamba pa wadirobu, lina kuseri kwa makina osokera. Sindinkadziwa kuti anali ochuluka choncho, ndipo nditawaona ndinamvetsa mmene miyezi ija inalili kwa iwo, kutsegula mapaketi okhaokha m'nyumba ya zii. Tinavula nsapato, n'kukhala pa kapeti, tikadali ndi zovala za kutchalitchi. Iwo ankanditambasulira makhadi chadodolido, ine ndikudutsamo ndi galasi. Dzuwa lisanalowe tinali titapeza osowa angapo amene anagona m'menemo nthawi yonseyi. Mmodzi anali mnyamata amene panthawi imene khadilo linkatuluka anali wongoyamba kumene, koma tsopano anali atatchuka kwambiri. Pachithunzipo anali atagona pa udzu, manja ali kunkhongo, akuyang'ana kumwamba.

La galu munalibe. Koma titamuonetsa bambo wa mabasi la wogona pa udzulo, anavula magalasi n'kuwapukuta, n'kuvalanso. Anati timusiyire. Iye ankadziwa munthu wina ku Baltimore wofuna khadi limenelo, amene anali ndi lina lofunidwa ndi mayi wina wogulitsa ku Virginia, ndipo mayiyo ndi amene anali ndi galu. Zinatenga nthawi, makhadi akuyenda m'manja mwa anthu amene sitinawaonepo. Tinkangomva kuti lafika apa, wakuti wadwala, wakuti akuganizabe. Masamba atayamba kufiira, anatiimbira kuti tibwere. Asisi anafuna kumupatsa kenakake pa ntchito yonseyi, iye anakana. Pamapeto pake analandira makhadi osowa otsala aja, atakakamizidwa, ndi mbale ya mandasi.

Kusinthanako kunachitikira pa malo a khofi omwe aja, ndipo sikunatenge nthawi. Mphunzitsi anayang'ana galu wake kutsogolo ndi kumbuyo, nkhope yake n'kufiira ngati mwana. Anapereka losekalo, n'kugwirana chanza ndi asisi. Ali pakhomo anatembenuka n'kunena kuti sakudziwa chifukwa chimene amalifunira, koma akukhulupirira kuti lafika kwa mwini wake. Asisi analiika m'kachikwama ka pasipoti.

Anapita ku Zambia mwezi wa Khirisimasi. Masabata onse amene anali kumeneko sananditumizire uthenga wokhudza khadilo, ine n'kumaopa kufunsa. Tsiku lobwera ndinakawachingamira ku bwalo la ndege. Kunali mphepo yozizira yolasa m'mafupa. Anatuluka atada ndi dzuwa, ataonda pang'ono, akukankha masutikesi awiri. Tinalonjerana, ndinafunsa za kumudzi, anati onse ali bwino. Titalowa mumsewu waukulu magalimoto anali atathithikana, tikungoyenda pang'onopang'ono. M'pamene anayamba okha.

Anati anadikira masiku angapo alendo atachepa. Tsiku lina masana anapeza mayi awo ali okha pakhonde akusankha nyemba, n'kuwapatsa khadilo. Mayiwo anapukuta manja, n'kuliyandikiza kumaso, n'kulitalikitsa, n'kufunsa kuti, "Nindani uyu?"

Asisi anati, "Amama, yang'anani bwino. Simukumuona?" N'kutchula dzina la malemuyo.

Mayiwo anayang'ananso, n'kunena mosazengereza kuti safanana naye n'pang'ono pomwe. Anati mwana wawo anali wakuda kuposa apa, makutu ake anali aang'ono omatirira kumutu, ndipo mpata wa mano unali m'munsi, osati m'mwamba. Asisi anatsutsa. Anakangana ndithu, mpaka anaitana azakhali awo amene amakhala nyumba yoyandikana. Azakhaliwo atafunsidwa, osaona n'komwe khadilo, analoza mano awo am'munsi.

Pofika apa asisi anatembenukira kwa ine. "Ninamuiwala, imwe. Mufana wanga ninamuiwala nkhope. Zaka zonse izi nenze kunyamula nkhope ya munthu wina."

Ndinachotsa dzanja limodzi pa chiwongolero n'kugwira lawo. Tinayenda choncho kamtunda ndithu, iwo akulira mwakachetechete, akupukuta misozi ndi mpango wa m'khosi.

Atatontholako anapitiriza. Anati chodabwitsa n'chakuti mayi awo sananyamuke. Anakhala pompo, khadi lili pamwendo, n'kumapitiriza kutchula zimene munthu wa pachithunziyo wasiyana ndi mwana wawo. Anati uyu ndi wonenepa m'khosi, wanga anali ndi khosi lalitali ngati la atate ake. Uyu akuseka atakweza mutu, wanga ankaseka atawerama, akumenya bondo. Wanga anali ndi chipsera apa, chimene anapsa ndi mbaula ali wokwawa. Kuchoka pa chipseracho analowa nkhani ya tsiku limene anapsalo, kuchoka apo nkhani ina, mpaka nyemba zinaiwalika. Azakhali aja anakhala pansi nawonso n'kumawonjezera. Dzina limene linali lisanamveke pakhomopo zaka zonsezi linatchulidwa masana onse.

Madzulo ake mayiwo anawatenga asisi n'kupita nawo kuseri kwa nyumba, pamene pali kachulu kakafupi kamene asisi ankakaona masiku onsewo osakaganizira. Anawauza kuti si chulu. Chaka chimene asisi anabwera kuno, mlongo wawoyo anapita ku Chipata pa tchuthi n'kuumba njerwa yekha, akuti amangire asisi ake chipinda chawochawo choti azidzafikiramo akabwera kuchokera ku Amereka, asamadzagone pabalaza. Anaziunjika bwinobwino kuti adzaziwotche akadzabweranso. Sanabwerenso. Palibe amene analimba mtima kuzigwira, ndipo mvula ya chaka chimenecho ndi zaka zotsatira inazisungunula mpaka zinasanduka mulu wa dothi. Tsopano mayiwo amadzalapo maungu.

"Sininadziwe," anatero asisi. "Palibe ananiuzako."

Ndinafunsa kuti nanga khadi lija lili kuti. Anaseka koyamba chitsikire ndege, misozi ikadali m'masaya. Anati tsiku lonyamuka anafuna kulisiya, koma mayi awo anawabwezera n'kunena kuti atenge, ameneyo ndi mwana wa eni ake, nayenso ali ndi amake. Choncho linabwerera m'kachikwama ka pasipoti.

Tinafika ku Seven Corners kukuyamba kuda. Ndinawathandiza kukweza masutikesi pa masitepe, chifukwa chikepe cha m'nyumba yawo chinali chitawonongeka. M'fulati munali mozizira, munkanunkha kutsekedwa. Asanavule n'komwe jekete anagwada n'kutsegula sutikesi imodzi, n'kufufuza pansi pa zitenje. Anatulutsa kajumbo ka mfutso wa nkhwani n'kundipatsa.

"Ni va pa mulu paja," anatero. "Amama anayanika beka. Mukaphike na nshaba." Ankatanthauza mtedza.

Chaka chotsatira anatumiza uthenga kwa mwana wa azakhali awo kuti afune anthu oumba njerwa. Chipindacho anachimanga pambali pa mulu uja, osaugumula, ndipo ulendo wotsatira anakagona m'menemo.